Kayaki yachiwiri yobwereketsa abale: ndigule yotani?

Mcheni_wa_Senga analemba:

Moni nonse pagulu pano. Nkhani iyi mayi a kunyumba atopa nayo, akuti ndikafunse anzanga a m'madzi, ndiye ndabwera nayo kuno.

Ntchito ndimagwira ku Lilongwe koma kwathu ndi ku Senga Bay, ndipo Lachisanu likangokwana ndimakhala ndili pa msewu wa Salima. Zaka zinayi zapitazo ndinagula kayaki, kabwato kopepuka kopalasa ndi nkhafi, kwa mzungu wina amene kontirakiti yake inatha. Ndi ya faiba, yopangidwa ku Durban, kutalika kwake pafupifupi mamita 5, yowonda ngati mcheni womwe ndimakapha nayo. Pamadzi sindinena. Ndikasiya gombe 5 koloko m'mawa, dzuwa limandipeza kuseri kwa chilumba cha Namalenje mbedza zili kale pansi. Mcheni ndapha wosawerengeka, ndi kampango mmodzi amene apongozi anga amamutchulabe mpaka lero akafuna kundiyamikira pagulu.

Vuto ndi alendo. Aliyense wofika pakhomo akaiona pakhonde, maso amawala. Pa Khirisimasi yapitayi kunabwera alamu anga, munthu wa thupi lake, makilogalamu osachepera 100, woti madzi amawadziwira m'bafa. Ndinawauza kuti iyi imafuna kuzolowera. Iwo amvekere, "Alamu, njinga ndinaphunzira tsiku limodzi." Anagubuduzika nayo katatu madzi ali m'chiuno, ana a m'mudzi akuwaombera m'manja. Kachinayi anapitako ndithu, koma pobwera anakaigunditsa pa miyala, kenako n'kuikoka pamchenga ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Mng'alu wake ndi wofika chikhatho changa, ndipo ndodo yanga yowedzera, pamodzi ndi makina ake okulungira chingwe, ili pansi pa nyanja. Sindinayankhule. Mlamu ndi mlamu. Ndinangomva agogo akunong'ona kukhitchini kuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Kukana sindingathe, inunso mukudziwa. Chinthu chikagona pakhonde iwe n'kunena kuti ayi, mawa dzina lako ndi womana. Komanso kunena zoona ndimafuna wopita naye. Mwana wa mchemwali wanga ali Fomu 3 ndipo wakhala akundichonderera chaka chonse.

Ndiye ndikufuna yachiwiri. Yapamwamba ayi. Yoti ikakandika mtima usandipweteke, yoti munthu wosadziwa akakwera asagwe, komabe yoti ine ndikhoza kuwedzera yanga ikakhala kwa amisiri. Mu sitolo ina ku Lilongwe ndaonamo yopopa, imabwera m'katoni ndi pampu yake, ndipo ndi yotchipa kuposa zonse. Bambo wina wa ku Blantyre akugulitsa yapulasitiki yolowa m'kati, ija miyendo imabisika, akuti anabwera nayo kuchokera ku UK. Loji ina kuno kwathu, yomwe madzi anailowerera nyanja itakwera mu 2024, ikugulitsa zake zakale zokhala pamwamba, koma mtundu wake unasuluka ndi dzuwa. Kapena ndilume mano ndiitanitse yatsopano ku Joni, ngakhale kwacha yake ndi imeneyi.

Amene munadutsamo, ndithandizeni. Ndigule iti, ndipo ndiyang'ane chiyani?

Wonyamula_Nkhafi, ku Chembe:

Akulu, mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Ine ndagwira ntchito pa loji ina kuno ku Cape Maclear zaka 9, ndipo ntchito yanga yaikulu inali imeneyi: m'mawa kutulutsa makayaki, kukweza alendo, kukatola olephera kubwerera, madzulo kutsuka n'kusunga. Za kayaki yokwera aliyense ndingayankhulepo.

Choyamba, dzichotsenimo inuyo. Simukudzigulira inu. Mukugulira alamu anu aja, tsiku lomwe adya nsima yambiri ndipo akufuna kujambulidwa. Kayaki ikawasunga iwowo, inu ikusungani bwinobwino.

Yopopayo iiwaleni. Mbedza ndi chinthu cha mpweya sizigona nyumba imodzi, ndipo musanafike n'komwe pa mbedza, tangoganizani nkholokolo itaimika minga yake pakati pa miyendo. Koma choopsa kwambiri ndi mphepo. Yopopa simalowa m'madzi, imangokhala pamwamba ngati chigubu chopanda kanthu, ndiye mphepo imaitenga momwe ikufunira. Gombe lanu layang'ana kum'mawa. Mphepo yoti muziiopa kumeneko si ija yobwera ndi mafunde, chifukwa imeneyo aliyense amaiona ndipo imakankhira munthu kumtunda. Yoopsa ndi yochokera kumtunda, madzi a pafupi ndi gombe ali bata ngati mafuta. Mlendo amapita mosavuta, akusangalala kuti kupalasa n'kophweka, ndipo akatembenuka amapeza kuti gombe likuthawa. Mukawapeza kwa Makanjira ku Mangochi alamu anuwo.

Ya bambo wa ku Blantyre nayonso ayi. Yolowa m'kati anaipangira mayiko ozizira, kuti munthu asanyowe. Kuno madzi a pamwamba amakhala cha m'ma digiri 24 mpaka 28 chaka chonse, kunyowa si vuto. Koma ikagubuduzika imadzaza madzi, ndipo munthu wosaphunzira sangakwerenso ali pakati pa nyanja. Ena amachitanso mantha miyendo ikakhala m'kati mutu uli pansi.

Yatsala ndi yokhala pamwamba, yapulasitiki. Imeneyo ndi chigubu chotsekeka chomwe anachipatsa maonekedwe a bwato. Madzi akalowa pomwe mwakhala amatulukira m'mabowo omwe ali pansi pake. Ikagubuduzika mumaitembenuza, n'kugona chamimba pakati pake, n'kukhalanso. Ana a sukulu ndinkawaphunzitsa zimenezi m'mphindi zochepa. Mulifupi ikhale masentimita 75 mpaka 80, mulitali mamita 3 mpaka 3 ndi theka. Ndi yaulesi poyerekeza ndi yanuyo, koma ulesi umenewo ndi womwe mukugula.

Tsono za ku loji zija. Pitani mukazione, koma mupite ndi maso. Kusuluka mtundu kokha si mlandu. Mlandu ndi pulasitiki yopsa ndi dzuwa. Sisitani ndi chala: ikasiya ufa ngati choko, yayamba kupita. Dinikizani ndi chala chachikulu pamalo angapo. Yabwino imalowa pang'ono n'kubwerera, yopsa imakhala gwa ndipo mukayang'anitsitsa mumaona timing'alu ngati ta chidendene cha m'chilimwe. Yotero musaitenge ngakhale akupatseni ulere, imasweka ngati beseni lakale.

Kenako itembenuzeni. Yang'anani msana wake kumbuyo kwenikweni, pomwe pamakhudza mchenga anthu akamaikoka. Za m'maloji zimathera pamenepo. Lowetsani tochi m'kati pa chivundikiro muone kuchokera kunja. Pomwe kuwala kukudutsa kwambiri ndi pomwe pathera. Chachiwiri ndi mabowo otulutsira madzi aja. M'kati mwa bowo lililonse ndi momwe mbali ya pamwamba ndi ya pansi zimakumana, ndipo mng'alu wa mmenemo suoneka komanso ndi wovuta kuwotcherera. Njira yanga ndi iyi: ikani kayaki pa matayala awiri pouma, thiranimo ndowa zitatu kapena zinayi za madzi m'kati, muipendeketse uku ndi uku, mudikire. Pomwe padontha ndi pomwepo. Musaidzaze, ingapindike. Musaiwale kapulagi kakumbuyo kotulutsira madzi, kakhalepo ndi labala wake. Kanthu kakang'ono koma kamizapo makayaki ambiri, chifukwa wobwereka amakatsegula n'kuiwala kutseka.

Ikakhala ndi kamng'alu pamalo oonekera, musathawe, ingotsitsani mtengo. Pulasitiki imeneyi guluu saigwira, ngakhale uja wamachubu awiri. Imafuna kuwotcherera ndi pulasitiki inzake. Anyamata owotcherera ndowa ndi mabeseni pamsika amatha, bola muwapatse zidutswa za chigubu chokhala ndi nambala 2 m'katikona katatu pansi pake, osati za ndowa wamba.

Ngati pali yachikasu kapena ya olenji, tengani imeneyo. Yabuluu ndi yobiriwira zimasowa m'maso munthu akangopita patali pang'ono, ndipo inu ndi amene muzidzaimirira pagombe dzanja lili pamphumi.

Mcheni_wa_Senga:

Achimwene a ku Chembe, mwanditsegula m'maso pa za mphepo ya kumtunda. Ine ndimaidziwa, imandithandiza popita m'mamawa, koma sindinaganizepo kuti kwa mlendo ndi msampha. Yopopayo ndaichotsa. Funso langa latsala pa kutalika: ya mamita 3 ingakwanitse kunditsatira mpaka ku Namalenje? Sindikufuna kumangodikira munthu njira yonse.

Wa_pa_Theba_Durban:

Amwene, funso lanu lomalizali ndi lomwe ndimafuna kulowererapo. Ine ndili ku Durban chaka chachisanu ndi chimodzi, ndipo kuno kuwedza pa kayaki ndi chipembedzo. Loweruka m'mawa gombe limadzaza. Yanuyo ngati ndi ya faiba ya kuno mwina ndi ya kampani ya Stealth, ndipo ndamva kuwawa powerenga kuti inakokedwa pamiyala.

A ku Chembe anena zoona zonse, kupatula pa mamita 3. Yaifupi choncho imapotoka mutu nkhafi iliyonse, kumanja, kumanzere, ngati bakha. Posewera pagombe ndi yabwino, koma mwana wa mchemwali wanuyo mukapita naye kutali adzafika mapewa atatha, inu mutawedza kale. Pitani pa 3.6 kapena mamita 4 ngati mulifupi mwake ndi momwemo. Kulemera kumakwera, inde, mwina makilogalamu 25 mpaka 30, koma anthu awiri amanyamula. Ndipo n'zabwinonso kuti izifuna anthu awiri: munthu sangaitenge mwakachetechete inu muli ku Lilongwe.

Chinanso chomwe ambiri sayang'ana ndi nambala ya kulemera komwe imanyamula. Akalemba kuti makilogalamu 130, sakutanthauza kuti munthu wa 130 akhala bwino. Pamenepo imakhala itatsala pang'ono kumira, madzi akulowera m'mabowo aja m'malo motuluka. Ife timawerengera kuti munthu ndi katundu wake asapitirire magawo 7 pa 10 a nambalayo. Alamu anu a 100, kuphatikiza madzi akumwa, nyambo ndi nsomba ngati angaphe, akufunika yolembedwa 150 kapena kuposa.

Zatsopano kuno zilipo zabwino. Za kampani ya Fluid zimapangidwa ku Parys m'mbali mwa mtsinje wa Vaal, ndipo ali ndi zowedzera monga Chumani ndi Bamba, palinso za kampani ya Legend. Pulasitiki yake inapangidwira dzuwa la ku Africa konkuno. Koma muwerengere bwino. Mtengo wa m'sitolo ndi chiyambi chabe. Pali wonyamula, poti chinthu cha mamita 4 chimadya malo a katundu wa anthu angapo pa ngolo, ndiye pali msonkho wa MRA pa Mwanza kapena pa Dedza. Mukamaliza kuphatikiza mudzapeza kuti kayaki yobwereketsa yafika mtengo woti simungafunenso kubwereketsa, ndiye mwabwerera pomwe munayambira. Mukasankhabe njira imeneyo, muwauze onyamula asaimange zolimba kwambiri. Masiku atatu padzuwa la ku Tete itakanikizidwa ndi malamba, imafika itapindikira m'kati pamimba. Nthawi zambiri imawongoka mukaisiya padzuwa mopanda cholemera, koma si nthawi zonse.

Za poimika ndodo musalipire ndalama zowonjezera. Tengani kreti yapulasitiki, mudule mapaipi awiri a PVC a mamilimita 40 kapena 50, mumangirire m'makona, muike kumbuyo kwa mpando ndi malamba a chubu cha njinga. Akabwera ofuna kungosewera mumachotsa kreti yonse. Bowo lililonse lomwe mwaboola pa kayaki ndi khomo la madzi.

Madala_a_ku_Nkhotakota:

Ana inu mukundiseketsa. Zaka zonsezi nyanja ino yadyetsa anthu ndi bwato, lero mukuvutika ndi zigubu za ku Joni. Mwana wanga wa ku Senga Bay, pita pagombe m'mawa asodzi a usipa akamabwera ku kauni, ufunse amene akugulitsa bwato lakale. Likang'aluka umamata ndi phula ndi kachidutswa ka lata. Nkhafi ikathyoka mmisiri akusemera ina tsiku lomwelo. Palibe msonkho, palibe pulagi. Ndipo mlamu wako sangalikoke pamiyala, chifukwa sangalisunthe n'komwe.

Koma poti ndayamba kuyankhula, ndinene chomwe chandidetsa nkhawa. Nonse mukukamba za chombo, palibe akukamba za nyanja. Ine bambo anga sankandilola kugwira nkhafi ndisanadziwe kutchula mphepo. Mwera ukayamba, makamaka June, July ndi August, nyanja imatha kukhala yogona m'mawa, pofika 10 koloko yasanduka mapiri, ndipo umatha masiku osaleka. Vuma amachokera kum'mawa, kwa inu ndi amene amamenya gombe maso ndi maso. Mpoto ndi wa nthawi ya mvula, ndipo mtambo wakuda ukaima kumpoto sufunsa kuti wakwera chiyani. Mlendo wa ku tauni zimenezi sadziwa. Iye akaona dzuwa likuwala ndiye kuti kunja kuli bwino.

Chinanso, kumathiriro a mitsinje. Kwanuko kuli Linthipe ndi madambo aja. Komwe kuli bango kuli eni ake, mvuu ndi ng'ona. Mvuu ya mwana simasankha kuti ili ndi bwato la mtengo kapena lapulasitiki. Ndiponso matchera a anthu. Mlendo akaona zoyandama amapita kukaona kuti n'chiyani, mbedza yake n'kukola ukonde wa eni, iye n'kudula ndi mpeni. Mlandu wake sukapita kwa iye, ukabwera pakhomo pako, poti chombo chikudziwika mwini wake.

Mcheni_wa_Senga:

Madala, ndagwada. Za mphepo ndi matchera ndalemba, ndikamata pachitseko cha sitolo ya kunyumba. Koma za bwato mundikhululukire. Ndinakulira momwemo, ndipo ndikudziwa kuti limaoneka lophweka chifukwa okwerawo anayamba ali ndi zaka zisanu. Kukhala pamilomo ya bwato miyendo ili m'kati, ukupalasa mbali imodzi osazungulira pamalo amodzi, ndi sukulu yake payokha. Alamu anga mukawaika mmenemo ndiye kuti tikaitane mudzi wonse udzaonerere. Komanso mitengo ikuluikulu yosemera ikusowa, mabwato abwino sakutchipanso, ndipo bwato likakhala kumtunda sabata yonse ine ndili ku Lilongwe limauma n'kung'aluka. Limafuna mwini wake wa tsiku ndi tsiku.

A ku Durban, mwalasa, ndi Stealth. Za kreti ndazikonda.

Nachisale_wa_ku_Mangochi:

Abambo inu mwakambirana bwino, koma ndawerenga mpaka pansi kufuna mawu amodzi ndipo sindinawapeze: jekete yoyandamitsa. Ndalama zomwe mwakonza, yambani mwachotsapo za majekete awiri, yaikulu ndi yaing'ono, zotsalazo ndiye mugulire kayaki. Zikapanda kukwana, kayakiyo idikire.

Ndikunena chifukwa chinandichitikira. Mchimwene wanga wamng'ono anabwereka kayaki kwa mnzake tsiku la phwando pagombe lina kuno. Kusambira amatha, anakulira m'mbali mwa Shire. Jekete inalipo koma anaikhalira, akuti ikutentha. Anagubuduzika pofuna kutola chipewa, kayaki n'kutengedwa ndi mphepo mofulumira kuposa momwe iye angasambirire, nkhafi ili kwina. Anamutola asodzi atamwa madzi okwanira. Ali moyo, koma mwini kayakiyo mpaka lero akationa amayang'ana pansi, ngakhale palibe anamudzudzula. Inu mukuopa kutchedwa womana. Yerekezani kukaima pamaso pa mchemwali wanu mwana wake atapanda kubwerera.

Ndiye jekete ivalidwe, imangidwe, osati kuikhalira. Ikhale yokwana; yaikulu pa mwana imakwera kumutu akagwera m'madzi. Muiyese pomukoka m'mapewa, ikafika m'makutu ndi yaikulu. Nkhafi imangidwe ndi kachingwe ku kayaki, ndipo mlendo aliyense auzidwe kuti akagwa agwire kayaki, zina zonse zisiyeni zipite. Ndodo ndi ndalama chabe, inu mwaona kale.

Za kuopa kukana, ine ndili ndi njira yomwe ndimagwiritsa ntchito pa makina anga osokera. Sindikana munthu, ndimaika lamulo lomwe limagwira aliyense, ine ndemwe. Lamulo likakhala la pakhomo, lolembedwa, loti ngakhale mwini nyumba amalitsata, palibe amene amadzimva kuti wanyozedwa. Wofuna kubwereka ayambe wagubuduzika dala pamadzi ofika m'chifuwa n'kukweranso yekha, inu mukuona. Wolephera azisewera pomwepo, si chilango. Wamwa, ayi, ngakhale botolo limodzi. Asodzi a pa chilumba cha Mbenji kwanu ku Salima komweko ali ndi lamulo la mfumu loletsa mowa pachilumbapo, ndipo amenewo ndi anthu obadwira m'madzi. (Amaletsanso ife amayi kufikako, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.) Ngati iwo amadziletsa, mlamu wa ku tauni ndi ndani?

Komaliza, alendo anu akamasewera m'madzi osaya, pafupi ndi udzu ndi bango, muziwakumbutsa za likodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma samwa tsiku lomwelo. Amadikira milungu ingapo, ndipo ndi bwino kukayezetsa kaye.

Wonyamula_Nkhafi, ku Chembe:

Achemwali anena zomwe ndinayenera kuyamba nazo, pepani. Pa za kutalika ndavomera, a ku Durban, ine alendo anga ambiri sankapita patali. Ndingowonjezera kamodzi. Mukadzafuna kupita ndi mlendo ku zilumba za Maleri, kumbukirani kuti zili m'paki ya Lake Malawi National Park, monga zilumba za kuno kwathu, ndipo kuwedza n'koletsedwa mkati mwa mamita 100 kuchokera kumtunda. Mlendo akaona mbuna zamitundumitundu pamiyala dzanja limathamangira ku mbedza.

Posunga, mthunzi. Muigoneke chafufumimba kapena chammbali, osati kuipachika ndi zogwirira zake. Zathu zinkatha ndi dzuwa la pagombe, osati ndi madzi.

Mcheni_wa_Senga:

Ndabwera kudzapereka lipoti, poti mwandithandiza ngati abale.

Loweruka ndinapita ku loji kuja ndi tochi, ndowa ndi mwana wa mchemwali wanga. Zinalipo zitatu. Yofiira inandisiyira ufa pachala ndisanaidinikize n'komwe, ndinaidutsa. Yabuluu inali yooneka bwino kuposa zonse ndipo mnyamata anali ataikonda kale, koma titathiramo madzi inayamba kulira misozi pa bowo la pansi pa mpando. Mlonda wa pamenepo anadabwa, akuti chikhalire amaganiza kuti alendo ndi amene amaiwala kutseka pulagi. Yachitatu ndi yachikasu, yonyansa, yokandikakandika ngati mphika wa pamaliro, ina mwa zogwirira zake inaduka. Tepi inati mamita 3.7 mulitali, masentimita 78 mulifupi. Msana wakumbuyo wadyeka ndithu, tochi inaonekera, koma sinadonthe ngakhale kadontho. Ndinatsitsa mtengo chifukwa cha msanawo, ndipo anandiwonjezera nkhafi ziwiri za aluminiyamu, imodzi yopindika pang'ono.

Tinadutsa nayo pamsika. Mnyamata wa mabeseni anayamba waseka, kenako anaika chigamba cha chigubu pamsana paja, chokhuthala ngati chala. Sichokongola. Chogwirira ndaika cha chingwe cholowetsa m'kachidutswa ka paipi ya madzi. Nambala ya kulemera sinalembedwe paliponse, ndiye ndinakweza mnzanga wina wa thupi ngati la alamu. Madzi anafika m'mabowo koma sanakwere pampando.

Majekete, mayi a ku Mangochi, ndagula awiri, ndipo zoona zake andidya ndalama zoposa theka la mtengo wa kayakiyo. Lamulungu mnyamata anagubuduzika dala kasanu. Kawiri koyamba anakwera ngati chule, kachitatu anazipeza. Tinapita mpaka theka la njira ya ku Namalenje, ndinamudikira pang'ono koma osati mokwiyitsa, ndipo anapha mcheni awiri ine mmodzi. Nkhani imeneyo yafika kale kwa mayi ake ndi ku Fomu 3 yonse.

Malamulo ndalemba pa katoni, asanu okha, ndamata. Mayi a kunyumba awonjezerapo lachisanu ndi chimodzi ndi cholembera chawo, loti wobwera ndi nsomba azipala yekha.

Tsono dzulo usiku alamu aimba. Amva kuti kwabwera "yawo". Akubwera pa Isitala ndi anzawo awiri a kuntchito, ndipo afunsa ngati kumbuyo kuli malo okwana kabokosi ka zozizira. Ndayankha kuti netiweki ikuvuta. Jekete yaikulu ndagulayi ndikukayika ngati ingatseke pamimba pawo. A ku Durban, kumeneko zilipo za saizi yoposa XXL? Ngati zilipo ndiuzeni msanga, pali mnyamata wa kwathu akukwera basi sabata yamawa.